Chifukwa Chimene Debugger Saimira m'Mafayilo a Malamulo a Bizinesi

Mabanki ndi makampani a inshuwalansi amayendera malamulo ambirimbiri amene amasintha kawirikawiri, monga msinkhu wa munthu woyenera kulandira ngongole kapena kuchuluka kwa chiwongoladzanja, ndipo chifukwa cha kusinthasinthaku olemba mapulogalamu amasunga malamulowo m'mafayilo apadera m'malo mowamwaza m'pulogalamu yonse. Chimodzi mwa zida zodziwika pa ntchitoyi ndi Drools, chimene Bob McWhirter anachiyamba mu 2001 ndipo pambuyo pake chinalowa m'manja mwa JBoss, kampani imene Red Hat inagula mu 2006. Mayina a mafayilo ake amathera ndi zilembo drl, ndipo lamulo lililonse lili ndi zigawo ziwiri: chigawo cha when, chimene chimatchula zinthu zoyenera kukwaniritsidwa, ndi chigawo cha then, chimene chimanena zochita zinthuzo zikakwaniritsidwa.

Pulogalamu ikayamba kupereka mayankho olakwika, wolemba amagwiritsa ntchito debugger, chida chimene chimaimitsa pulogalamu ili mkati mogwira ntchito kuti munthu aone zimene yasunga panthawiyo, ndipo malo oimirawo amawasonyeza ndi chizindikiro chotchedwa breakpoint. Chimene chimasautsa ambiri amene alandira pulojekiti yolembedwa kale ndi anzawo ndi chakuti chizindikirocho chimaoneka bwinobwino m'mphepete mwa mzere, koma pulogalamu imangodutsa osaima. Kawirikawiri vuto si lakuti debugger wawonongeka, koma lakuti fayilo ya malamulo siyenda mzere ndi mzere ngati pulogalamu wamba ya Java.

Chigawo cha when sichiwerengedwa kuyambira pamwamba kutsika pansi, chifukwa injini ya malamulo ya Drools imachiphwanya n'kuchiluka pamodzi ndi zigawo za malamulo ena kukhala ukonde umodzi wosefera deta. Njira imeneyi inachokera ku Rete, imene Charles Forgy anaifotokoza m'nkhani yake ya mu 1982, ndipo kuyambira Drools 6 inalowedwa m'malo ndi ina yotchedwa Phreak, imene imachedwetsa kusefa kufikira pamene kwafunikadi. Popeza malamulo angapo angagawane mfundo imodzi ya ukondewo, palibe mzere umodzi umene debugger angaimirepo. Chigawo cha then chokha ndicho chimasandutsidwa malangizo otsatizana, kotero kuti breakpoint imagwira ntchito pokhapokha itaikidwa m'chigawo chimenechi.

Chinthu chachiwiri choyenera kufufuza ndi mmene pulogalamu yayambitsidwira. Mu Eclipse, chida cholembera mapulogalamu, munthu amene wasankha Debug As kenako Java Application amaimitsa mizere ya Java yokha, pamene zizindikiro za m'mafayilo a malamulo zimagwira ntchito akasankha Drools Application, chifukwa njira imeneyi ndiyo imalumikiza malangizo amene injini yapanga ndi mizere ya fayilo yoyambirira. Apa ndi pamene pulojekiti yakale imavutira, pakuti ngati inapangidwa monga pulojekiti wamba ya Java, Eclipse saidziwa kuti ili ndi malamulo kufikira itasinthidwa kukhala pulojekiti ya Drools, ndiponso mtundu wa Drools umene pulojekitiyo ikugwiritsa ntchito uyenera kugwirizana ndi umene waikidwa mu Eclipse.

Nthawi zina fayilo imene munthu watsegula si imene injini ikuwerenga. M'mapulojekiti omangidwa ndi Maven, malamulo amalongedzedwa m'phukusi la jar motsatira zimene zalembedwa mu kmodule.xml, ndipo phukusi lakale likatsala, pulogalamu imayendera malamulo akale amene mizere yake sigwirizananso ndi yatsopano, vuto limene limatha pofufuta zomangidwa kale n'kumanganso zonse.

Zonsezi zikakhala bwino koma pulogalamu osaimabe, ndiye kuti lamulo limene lili ndi breakpoint silinagwire ntchito n'komwe, ndipo kusaimako kwasanduka umboni wa pamene pagona vuto lenileni. Mwina deta sinalowetsedwe mu Working Memory, malo amene injini imasungira deta, kapena langizo la fireAllRules, limene limauza injini kuti iyambe kuchita, silinaitanidwe; mwinanso deta inasinthidwa popanda kudziwitsa injini kudzera mu modify kapena update, kapena lamulolo lili mu agenda-group, gulu la malamulo limene limadikira kupatsidwa mpata. Mu Eclipse, zenera la Working Memory limaonetsa deta imene injini ili nayo, la Agenda limaonetsa malamulo amene akuyembekeza, ndipo AgendaEventListener imalola kulemba dzina la lamulo lililonse likangochitidwa, ngakhale popanda Eclipse. Wofufuza amene amayamba ndi kutsimikiza ngati lamulo lachitidwa amadziwa msanga mbali yoyenera kukonza, chifukwa dzina la lamulo likaoneka pamndandanda vuto limakhala la makonzedwe a debugger, ndipo likapanda kuoneka vuto limakhala la deta kapena la chigawo cha when.