Helikopita zosiyidwa kunkhondo: nkhani ya ku Goma yomwe ikukhudza Nkhata Bay

Pa 29 Epulo 2025, mathiraki onyamula katundu wa asilikali a SADC adayamba kutuluka mumzinda wa Goma, kum'mawa kwa dziko la Congo. Adadutsa ku Rwanda n'kukatsitsa katunduyo ku Chato, m'mbali mwa nyanja ya Victoria ku Tanzania. Mwa asilikali omwe ankasamukawo mudali ana a Malawi, pamodzi ndi anzawo a ku South Africa ndi ku Tanzania. Onsewa adayenera kudzera pamsewu chifukwa bwalo la ndege la Goma lidali m'manja mwa zigawenga za M23 kuyambira kumapeto kwa Januwale.

Nkhondo yolimbirana mzindawu idatenga miyoyo ya asilikali atatu a Malawi ndi 14 a ku South Africa. Pa 5 Febuluwale, mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, a Lazarus Chakwera, adalamula mkulu wa asilikali kuti ayambe kukonzekera zobweza anyamata athu, ndipo pa 13 Malichi atsogoleri a SADC adathetsa ntchito yonseyo. Anthu adabwerera kwawo. Mfuti, mahema ndi galimoto zidakwera mathiraki. Koma helikopita zidavuta.

Pakati pa chaka chomwecho, nyuzipepala za ku South Africa zidalemba kuti helikopita zingapo za dzikolo, zamtundu wa Oryx, zatsalira ku Congo, ku Lubumbashi ndi ku Goma. Akuluakulu a asilikali a dzikolo adakana kuti azitaya, nati zidakali m'manja mwawo ndipo yoonongeka ndi imodzi yokha. Imeneyi idaomberedwa zipolopolo zambirimbiri mu Febuluwale 2024 ili pantchito ya United Nations, koma oyendetsa adakwanitsa kukatera nayo ku Goma. Chaka chimodzi izi zisadachitike, Oryx ina idaomberedwanso ili m'mwamba kudera lomwelo, ndipo Sajeni Vusi Mabena adafera momwemo.

Chifukwa chiyani sizingouluka n'kumapita?

Munthu akamva kuti ndege yatsalira, amadabwa. Chinthu chouluka chingasowe bwanji njira? Chilungamo chake n'chakuti helikopita ndi makina osachedwa kudwala. Ikauluka ola limodzi, amakaniko amakhala nayo maola angapo akuunika injini, mapiko ake ozungulira aja ndi zitsulo zomwe zimawazunguza. Zipangizo zambiri zili ndi maola ake owerengeka, ndipo akakwana chipangizocho chimachotsedwa ngakhale chikuoneka chabwinobwino. Chipolopolo chimodzi chikaboola paipi ya mafuta kapena kung'amba phiko, ndegeyo siinganyamuke mpaka chipangizo china chitabwera kuchokera kufakitale.

Asodzi a ku Nkhata Bay safunika kuwafotokozera kwambiri zimenezi. Amadziwa kuti boti labwino limatha kugona pamchenga mwezi wathunthu, usipa ukuphedwa ndi ena, kaamba ka kachitsulo kamodzi ka mu injini komwe sikakupezeka ku Mzuzu.

Vuto lina ndi mtunda. Helikopita siipita kutali ndi thanki imodzi, choncho ulendo wochoka ku Congo kukafika ku Pretoria umafuna malo angapo othirira mafuta, komanso chilolezo cha dziko lililonse lomwe ndegeyo idutse pamwamba pake. Yomwe yafa imafunika kuichotsa mapiko n'kuilowetsa m'mimba mwa ndege yaikulu yonyamula katundu, monga Ilyushin 76, ndipo ndege yoteroyo imafuna bwalo lotseguka ndi ndalama zambiri zoibwerekera. Bwalo likatsekedwa, chotsala ndi kuikweza pathiraki n'kuidutsitsa pamalo pomwe pakulondera anthu omwe dzulo lake mumaomberana nawo.

Ndiye mkulu wa asilikali amakhala ndi zosankha zitatu: kuitulutsa, kuiononga kuti mdani asaigwiritse ntchito, kapena kuisiya m'manja mwa alonda n'kumayembekezera kuti zokambirana ziyenda bwino. Nthawi ikachepa, aliyense woganiza bwino amayamba wapulumutsa anthu.

Ngakhale mayiko olemera zidawaonekera

Pa 29 ndi 30 Epulo 1975, pomwe mzinda wa Saigon ku Vietnam unkagwa, helikopita za America zidasamutsa anthu oposa 7,000 kupita nawo pa sitima zankhondo zomwe zidali panyanja. Oyendetsa ndege a ku South Vietnam nawonso adathawira komweko ndi mabanja awo, mpaka malo oterapo adatha. Amalinyero ankati helikopita ikatsitsa anthu, amaikankhira m'madzi kuti ina itere. Pa sitima ya USS Midway, kapitao Lawrence Chambers adalamula kuti helikopita zingapo ziponyedwe m'nyanja pofuna kupereka malo kwa Buang-Ly, msilikali yemwe ankazungulira m'mwamba ndi kandege kakang'ono momwe mudali mkazi wake ndi ana asanu. Banja lonselo lidapulumuka.

Ku Afghanistan zidachitikanso mu Ogasiti 2021. Asilikali omaliza a America atanyamuka ku Kabul, Jenerale Kenneth McKenzie adalengeza kuti asiya ndege 73 pabwalo la mumzindawo ataziononga kuti zisadzaulukenso. Unduna wa zachitetezo wa America udawerengera pambuyo pake kuti zida zonse zomwe zidatsala m'dzikolo zidali za ndalama pafupifupi madola 7 biliyoni. A Taliban adatola helikopita zina m'misasa ya asilikali a boma lakale n'kuyesa kuzidzutsa, koma kukhala ndi ndege si kudziwa kuisamala. Mu Sepitembala 2022, helikopita yamtundu wa Black Hawk idagwa ku Kabul pamaphunziro, n'kupha anthu atatu.

America ikataya helikopita khumi imagula zina. Kuno kum'mwera kwa Africa, imodzi ikatsalira kunkhondo, chigawo chonse chimamva kuperewera kwake.

Ndege zomwezi ndizo zimatipulumutsa

Mu 2000, madzi atasefukira ku Mozambique, helikopita za South Africa zidatsitsa anthu masauzande m'mitengo ndi pamadenga. Mmodzi mwa iwo adali khanda lotchedwa Rosita, lomwe lidabadwira mumtengo kufupi ndi Chibuto. Malawi adali m'gulu la mayiko oyamba kutumiza helikopita zake kukathandiza pangoziyo. Mu 2013, gulu lapadera la United Nations lopangidwa ndi asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa lidathandiza kugonjetsa M23 koyamba, ndipo helikopita zankhondo za Rooivalk zidachitapo mbali yaikulu.

Zinthu zidasintha m'zaka zotsatira. Kampani ya boma la South Africa ya Denel, yomwe imasamalira ndege za Oryx, idalowa m'mavuto azachuma, ndipo ndege zambiri za dzikolo zidaima kudikira zipangizo. Asilikali a SADC omwe adafika ku Congo mu Disembala 2023 adakumana ndi M23 yamphamvu kuposa kale, iwo alibe chitetezo chokwanira cha m'mwamba. Kwathu kuno, namondwe wa Freddy atakantha Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi maboma ena mu Malichi 2023, midzi yomwe misewu ndi milatho zidakokoloka idafikiridwa ndi thandizo la helikopita zochokera ku Tanzania ndi ku Zambia.

Nkhata Bay idaona ndi maso

Tawuni ya Nkhata Bay idapanikizika pakati pa mapiri ndi nyanja. Msewu wochokera ku Mzuzu umatsika mokhotakhota mpaka pa jeti pomwe imakocheza sitima ya Ilala isadaoloke kupita ku Chizumulu ndi ku Likoma. Kumpoto kwa bomali, anthu a ku Usisya amadalira kwambiri maboti chifukwa msewu wawo ndi wotsetsereka ndiponso wovuta nthawi ya dzinja. Mwera ukakalipa, maboti amakhala pagombe. Mayi wovutika pobereka, msodzi wosowa panyanja kapena mudzi wogumukiridwa ndi phiri, onsewa thandizo lachangu lomwe lingawafikire ndi lochokera m'mwamba.

Pa 10 Juni 2024, anthu adasonkhana m'bomali kudzaika maliro a Ralph Kasambara, loya yemwe adakhalapo nduna ya zachilungamo. Wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, adanyamuka ku Lilongwe pa ndege ya asilikali yamtundu wa Dornier 228 kuti akatere ku Mzuzu n'kupitirira kumaliroko. Nyengo idali yoipa, ndegeyo idalephera kutera, ndipo idagwa m'nkhalango ya Chikangawa, mbali ya boma la Nkhata Bay. Anthu onse asanu ndi anayi omwe adali momwemo adamwalira.

Asilikali, apolisi ndi ogwira ntchito za nkhalango mazanamazana adasakasaka wapansi m'chifunga mpaka usiku, ndipo ndegeyo idapezeka mawa lake. Boma lidapempha thandizo kumayiko ena. Matupi a omwalirawo adafika ku Lilongwe pa helikopita ya asilikali a ku Zambia. Akatswiri ofufuza ngozi za ndege a ku Germany adapeza kuti kachipangizo komwe kamalira ndege ikagwa, kuti osaka adziwe pomwe ili, batire lake lidatha ntchito mu 2004.

Chifunga cha ku Chikangawa chimatha kuimitsa ngakhale helikopita yabwino, ndipo palibe angaimbe mlandu anyamata omwe adakwera mapiri usiku uja. Koma batire lakale zaka 20 likunena zomwezo zomwe Oryx yomwe idatsalira pabwalo la Goma ikunena: ndege imakhala yamoyo chifukwa cha ndalama zoikonzera, amakaniko ophunzira bwino ndi zipangizo zopezeka panthawi yake. Kugula ndi chiyambi chabe.

Zofunika kufunsa ulendo wina usadayambe

Malawi ali ndi mbiri yabwino pantchito zosungitsa mtendere. Msilikali wathu Chancy Chitete, yemwe adaphedwa kufupi ndi Beni mu Novembala 2018 akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania, adalandira mendulo yapamwamba kwambiri ya United Nations yolemekeza kulimba mtima mu 2019. Anthu otere sayenera kutumizidwa kunkhondo popanda ndege yowanyamula akavulala. Asilikali omwe adavulala ku Goma ndi ku Sake mu Januwale 2025 adadikira pafupifupi mwezi asadatulutsidwe kudzera ku Rwanda.

Choncho SADC ikadzapemphanso asilikali athu, aphungu a Nyumba ya Malamulo afunse mafunso omveka. Kodi ndege zoteteza anyamatawa zichokera kuti? Bwalo la ndege likatsekedwa adzatuluka bwanji? Nanga ndalama zobwezera katundu adzalipira ndani? Ndipo pokambirana ndondomeko ya chuma cha dziko, aphungu a ku Nkhata Bay, Likoma ndi Rumphi, komwe nyanja ndi mapiri zimatsekera anthu njira, ayenera kukhala patsogolo kufunsa kuti ndi helikopita zingati za asilikali athu zomwe zingathe kunyamuka lero, komanso kuti zaikidwa ndalama zingati zozikonzera.