Dzino limasunga nambala, koma silitchula mudzi

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi sayansi ya miyala, ambiri amandinong'oneza funso la komwe kuli golide. Amagwa mphwayi ndikawauza kuti ndikapita kutchire ndimathothola masamba a udzu, kutola zigoba za nkhono ndi kutapa dothi m'timatumba. M'zinthu zimenezi ndimafunamo chitsulo chotchedwa strontium, ndipo sindichifunira malonda. Ndimangofuna nambala imodzi imene chimanyamula.

Strontium si wosowa. Ali m'miyala pafupifupi yonse, m'madzi a pachitsime, ngakhale mu nsima imene mwadya lero, ndipo paphiri la Kangankunde ku Balaka pali mwala wa strontianite womwe ali mbwee. Maatomu ake salemera mofanana. Alipo a mitundu inayi, imene timaipatsa manambala 84, 86, 87 ndi 88, ndipo mitundu yotereyi ndiyo timati ma isotope. Itatu mwa iyo simawonjezeka. Wa 87 yekha ndiye amachuluka, chifukwa chitsulo china, rubidium-87, chimasanduka iyeyo pang'onopang'ono. Kuti theka la rubidium-87 lisanduke pamafunika zaka pafupifupi 49 biliyoni, chonsecho dziko lapansi lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni zokha. Ndiye thanthwe lakalekale lokhala ndi rubidium wambiri, monga granite, limakhala litadzikundikira 87 wochuluka, pamene mwala wa basalt wochokera ku chiphalaphala cha mapiri ophulika posachedwa uli naye wochepa.

Timayerekeza kuchuluka kwa 87 ndi kwa 86, n'kupeza nambala. Basalt wa posachedwa amapereka cha m'ma 0.704. Madzi a nyanja zamchere amapereka 0.7092 kulikonse padziko. Granite wakale amafika 0.720, nthawi zina kupitirira patali. M'maso kusiyanaku n'kosanunkha kanthu, koma makina athu amawerenga mpaka nambala yachisanu kuseri kwa kadontho, choncho kwa ife 0.704 ndi 0.720 ndi maiko awiri otalikirana.

Thanthwe likafumbutuka n'kusanduka dothi, mizu ya chimanga ndi udzu imayamwa strontium pamodzi ndi madzi. Mbuzi idya udzuwo, munthu adya chimangacho ndi mbuziyo, ndipo thupi limamulandira ngati kashiamu, chifukwa awiriwa amafanana kwambiri, n'kumuika m'mafupa ndi m'mano. Paulendo wonsewu nambala ija sisintha mokwanira kutisokoneza.

Apa mpamene dzino limaposa fupa. Fupa limadzikonza moyo wonse, motero limanena za zaka zomalizira za munthu. Koma chikuto choyera cholimba cha dzino, enamel, chimapangidwa kamodzi paubwana ndipo sichikonzedwanso. Cha dzino loyamba lalikulu la m'chibwano chimayamba kupangika nthawi imene mwana akubadwa n'kutha ali ndi zaka pafupifupi 3, pamene cha dzino lomaliza kumera chimapangika akulowa m'chinyamata. Nambala ya m'dzino ikasiyana ndi ya dothi la pamalo pomwe munthu anaikidwa, tidziwa kuti sanakulire pamenepo. Jonathon Ericson ndiye analemba ganizo limeneli mu 1985, ndipo ofukula zakale sanalitayenso.

Ku labotale ntchito yake ndi yotopetsa, ndisakunamizeni. Timapala kaufa kochepa kwambiri pa dzino, kukasungunula mu asidi, kusefa kuti patsale strontium yekha, kenako kuika m'makina oyeza kulemera kwa maatomu. Zonsezi timachitira m'chipinda chosefedwa mpweya, titavala zophimba thupi lonse, popeza kafumbi kamodzi kangathe kuwononga zotsatira.

Mu 2011, gulu lotsogozedwa ndi Sandi Copeland linayeza mano a zolengedwa zakale zonga anthu za m'mapanga a Sterkfontein ndi Swartkrans ku South Africa. Mano aakulu, omwe ankaganiza kuti ndi a amuna, pafupifupi onse anali ndi nambala ya pomwepo. Opitirira theka a mano aang'ono anali achilendo. Zikuoneka kuti aakazi ndiwo ankachoka kwawo atakula.

Koma nkhani imene imandikhudza mtima ndi ya mafupa omwe anafukulidwa m'zaka za m'ma 1950 m'mphepete mwa nyanja ku Cape Town. Mu 1997, Glenda Cox ndi Judith Sealy anasonyeza kuti anali a akapolo a m'sitima ya Apwitikizi yotchedwa Pacquet Real, imene inachoka ku Mozambique kupita ku Brazil n'kumira ku Table Bay pa 18 May 1818. Anati mwa anthuwo munali Amakua, Ayao ndi Amaravi. Taonani bwino mmene anafikira pamenepo. Strontium sanalankhule yekha. Panali ma isotope a carbon ndi nitrogen, omwe amaulula zimene munthu ankadya, panali kasemedwe ka mano kotsatira mwambo wa mitundu imeneyi, panalinso zolembedwa za sitimayo. Maumboni onsewa atagwirizana mpamene panatuluka yankho.

Ndanena zimenezi dala, chifukwa nkhani za m'nyuzipepala zimakonda kulemba ngati kuti timaika dzino m'makina, makinawo n'kutchula boma ndi mfumu. Nambala ya strontium ili ngati mfunda. Munthu akakuuzani kuti ndi Phiri, mwadziwapo kanthu, koma a Phiri ali ku Dedza, ku Chipata ndi ku Tete komwe. Nambala ya 0.715 mungaipeze m'madera mazanamazana. Chimene ndinganene mosakayika n'chakuti "uyu si wa pano". Kunena kuti "ndi wa kwakuti" kumafuna umboni wina, ndipo mnzanga akafulumira kutchula malo ndimayamba ndamufunsa mapu a manambala a strontium amene wagwiritsa ntchito.

Mapuwo ndiye mtima wa ntchitoyi, ndipo n'chifukwa chake ndimathothola udzu m'malo moswa miyala. Nambala ya thanthwe si nthawi zonse imafanana ndi imene zomera zimayamwa. Mbali zina za mwala zimasungunuka msanga kuposa zina, mitsinje imabweretsa dothi la kutali, mphepo imauluza fumbi, ndipo kufupi ndi nyanja yamchere timadontho ta madzi ake touluzika ndi mphepo timakokera zonse ku 0.7092. Choncho timayeza chimene chamoyo chadyadi: udzu wa mizu yosazama, mtengo wa mizu yozama, chigoba cha nkhono, dzino la mbewa. Mbewa ndi mboni yabwino, popeza siyenda patali ndi una wake.

Zimene zinachitika ku Denmark zinatiphunzitsa kusamala. Mtsikana wa ku Egtved, yemwe anaikidwa m'bokosi la mtengo cha m'ma 1370 BC n'kufukulidwa mu 1921, ankatengedwa ngati mwana wa dzikolo. Mu 2015, Karin Frei ndi anzake anayeza dzino, tsitsi ndi zikhadabo zake n'kunena kuti anachokera kutali, mwina ku Black Forest ku Germany. Mu 2019, Erik Thomsen ndi Rasmus Andreasen a ku Aarhus University anati mapu ndiwo anali ndi vuto. Laimu amene alimi amathira m'minda ali ndi strontium wambiri wa nambala yotsika, ndipo anasintha madzi omwe anayezedwa. Iwo atatunga madzi kumalo osalimidwa pafupi ndi Egtved, anapeza manambala ofanana ndi a mtsikanayo. A Frei sanavomereze, ndipo mkanganowo unapitirira. Ine ndimapendekera kwa awiri aja, ndipo sinditenga tsamba kapena dothi m'munda wothiridwa feteleza kapena laimu, ngakhale mwini munda atandilandira bwino chotani.

Anthu a lero ndiwo ovuta kwambiri. Mwana wokulira ku Ndirande amadya mpunga wa ku Karonga, usipa wa kunyanja, kachewere wa ku Ntcheu ndi mkaka wa ufa wochokera kunja. Dzino lake limasakaniza zonsezo. Njirayi imagwira bwino pa chinthu chimene chinadya pamalo amodzi: mtengo, khofi, tiyi, kapena njovu ya m'nkhalango imodzi. Mu 1990, Nikolaas van der Merwe ndi anzake anali atasonyeza kale kuti ma isotope a m'nyanga angaloze dera lomwe njovu inkadya.

Kwa nthawi yaitali Africa analibe mapu oterowo. Mu 2024, Xueye Wang, Vicky Oelze ndi anzawo anatulutsa mapu a strontium a kumwera kwa Sahara, n'kuwagwiritsa ntchito pofufuza kwawo kwa akapolo oikidwa ku Charleston ku America ndi ku Rio de Janeiro. Ndi chiyambi chachikulu, koma pamene sipanayezedwe kompyuta imangoyerekeza potengera miyala, mvula ndi fumbi. Kuno miyala imasintha pamtunda waufupi: phiri la Mulanje lili ndi zaka pafupifupi 130 miliyoni, pamene matanthwe apansi olizungulira ndi akale kwambiri kuposa pamenepo. Kuti tisiyanitse tiyi wa m'tsinde mwa phirilo ndi wa ku Thyolo, payenera kuyezedwa udzu wa m'malo osalimidwa a mbali zonse ziwiri, chigwa ndi chigwa, titapempha kaye chilolezo kwa mafumu a kumeneko.