Potsuka injini ya njinga yamoto, tetezani thupi ndi ana

Inu a kabaza a ku Kapichi ndi m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, dziwani kuti zitsulo zambiri za injini ya njinga yanu ndi za aluminiyamu. Girisi muchotseni ndi palafini ndi burashi, kenaka sopo ndi madzi ofunda. Zoyera ngati ufa zomwe zimayanga pachitsulocho zimachoka ndi viniga pang'ono. Mukatero tsukuluzani ndi kuumitsa.

Pewani caustic soda chifukwa amadya aluminiyamu komanso amawotcha khungu ndi maso. Petulo naye sachedwa kugwira moto. Valani magolovesi ndipo tsukirani panja, kutali ndi chitsime.

Palafini musamusunge m'botolo la zakumwa. Mwana akamwa, musamusanzitse, poti akamasanza palafiniyo amalowa m'mapapo. Thamangirani naye kuchipatala.