Woodman, katswiri amene anamva mphepo ndi makina a radar

Dzuwa likamalowa ku Tukombo m'boma la Nkhata Bay, asodzi a usipa amakankhira mabwato m'madzi atanyamula nyali ndi makoka a chilimira. Moyo wawo umadalira kudziwa ngati mwera uwombe usikuwo, ndipo masiku ano ena amayendanso ndi foni zosonyeza pamene ali kudzera pa GPS. Mphepo ndi GPS zonse zimakhudzidwa ndi zochitika kutali mumlengalenga, komwe diso la munthu silifika. Mmodzi mwa akatswiri amene anapeza njira yodziwira za kumeneko ndi Ronald Woodman wa m'dziko la Peru.

Pa mapu, Tukombo ali pafupifupi madigiri 12 kum'mwera kwa equator. Munthu atatsata mzere womwewo kulowera kumadzulo, n'kudutsa Zambia, Angola, nyanja ya Atlantic ndi Brazil, akhoza kukafika pafupi ndi Lima, likulu la Peru. M'chigwa chouma kum'mawa kwa mzindawo ndi momwe muli malo ofufuzira a Jicamarca, omwe anamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Radar ya pamalopa ili ndi tizitsulo ta eriyo 18,432 toyalidwa pabwalo la mamita pafupifupi 300 m'litali ndi m'lifupi momwe.

Radar imagwira ntchito ngati munthu wofuula pafupi ndi phiri n'kumvetsera mawu ake akubwerera. Imaponya mafunde a wailesi m'mwamba, kenako imatchera khutu. Mafundewa amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, choncho nthawi imene atenga kuti abwerere imasonyeza kutalika kwa chimene chawabweza.

Jicamarca anamangidwa kuti azifufuza ionosphere, gawo la mlengalenga loyambira pa makilomita pafupifupi 60 kufika pa 1,000 kuchokera pansi. Kumeneko mphamvu ya dzuwa imaswa timagawo ta mpweya n'kusiya tizidutswa tonyamula magetsi. Gawoli limabweza mafunde ena a wailesi kudziko, ndipo n'chifukwa chake wailesi za kutali za medium wave zimamveka bwino usiku kusiyana ndi masana.

Woodman anabadwira ku Piura, kumpoto kwa Peru, mu 1934. Anaphunzira uinjiniya ku Lima, ndipo mu 1967 anatenga digiri ya PhD payunivesite ya Harvard ku America. Atamaliza anabwerera kwawo kukagwira ntchito ku Jicamarca, komwe pambuyo pake anakhala mkulu.

Mu 1974, iye ndi mnzake Alberto Guillén anasindikiza zotsatira zimene zinadabwitsa anzawo. Anasonyeza kuti radar yomweyo imamvanso mafunde obwerera kuchokera m'munsi mwa ionosphere, ngakhale kumwamba kulibe mtambo kapena dontho la mvula. Chimene chimawabweza ndi kuwinduka kwa mpweya, pomwe wotentha ndi wozizira akusakanikirana. Popeza mpweyawo umayenda ndi mphepo, mafunde amabwerera atasintha pang'ono, monga momwe kulira kwa hutala kumasinthira galimoto ikamadutsa pamsewu wa M5. Kusinthako ndi kumene kumaulula liwiro la mphepo.

Kale akatswiri ankadalira kwambiri mabaluni ndi maroketi kuti ayeze mphepo ya m'mwamba, ndipo izi zinkatheka mwa apo ndi apo. Njira ya Woodman inalola kuyeza usana ndi usiku munthu ali pansi. Kuchokera apo panamangidwa ma radar a mtunduwu ku Shigaraki m'dziko la Japan ndi ku Gadanki ku India, komanso makina ang'onoang'ono oyezera mphepo omwe mayiko ambiri amagwiritsa ntchito polosera nyengo. Radar ya ku Peru siichenjeza msodzi wa ku Tukombo mwachindunji. Komabe makompyuta olosera nyengo ya dziko lonse, omwe nthambi yoona zanyengo m'dziko muno imadalira pochenjeza za mwera, amafuna miyeso ya mphepo ya m'mwamba yochokera m'madera ambiri.

Mu 1976, Woodman ndi César La Hoz anafotokoza chinthu china chimene chimachitika dzuwa likangolowa. Zithunzi za radar zinaonetsa matumba aakulu okhala ndi tizidutswa ta magetsi tochepa akukwera m'kati mwa ionosphere, ngati thovu lokwera m'madzi. Uthenga wa GPS umachokera ku masetilaiti omwe ali pa makilomita pafupifupi 20,000, ndipo uyenera kudutsa m'gawoli. Ukakumana ndi matumbawa umaphethira ngati nyenyezi, moti makina akhoza kusonyeza malo olakwika kapena kusiya kulandira uthenga kwa kanthawi. Kwa woyendetsa ndege ndi woyeza malo, vutoli si laling'ono.

Matumbawa amabadwira pamwamba pa mzere wotchedwa equator wa maginito, pomwe mphamvu ya maginito ya dziko imayenda chopingasa. Ku South America mzerewu umadutsa pafupi ndi Lima, koma muno mu Africa uli kumpoto, cha ku Nigeria ndi Ethiopia. Mlengalenga wa Africa ndi wosiyana ndi wa Peru, choncho ufunika kuyezedwa pawokha, koma zida zoyezera n'zochepa. M'chigawo chino, bungwe la SANSA la ku South Africa lili ndi malo oonera nyengo ya mumlengalenga ku Hermanus. Chigomezyo Ngwira, yemwe anaphunzira ku University of Zambia ndi ku Rhodes University, anakagwira ntchito yofufuza nyengo yomweyi kumalo a NASA a Goddard ku America.

Mu 1999 Woodman analandira mphoto ya Appleton, imodzi mwa mphoto zapamwamba pa sayansi ya mafunde a wailesi, ndipo anatsogolera bungwe la Instituto Geofísico del Perú kwa zaka zambiri. Radar imene anagwiritsa ntchito inamangidwa ndi ndalama za America, koma mu 1969 inaperekedwa m'manja mwa Peru, pomwe dzikolo linali kale ndi nzika zodziwa kuiyendetsa. Phunziro limeneli likukhudzanso Malawi: zida zikhoza kubwera ndi thandizo lakunja, koma ozigwiritsa ntchito ayenera kusulidwa m'makalasi a physics ndi masamu, kuyambira kusukulu za m'mphepete mwa nyanja ngati za ku Tukombo.