Fashion Sakala: Ulendo wa Mwana wa Kum'mawa pa Mpira wa Miyendo

Munthu amene angayende m'midzi ya m'boma la Chadiza dzuwa litapendeka, kaya kwa Mfumu Mlolo, kwa Zingalume kapena kwa Mwangala, nthawi imene chimanga chalowa m'nkhokwe ndipo ng'ombe zatayiridwa m'minda, sadzalephera kuona anyamata opanda nsapato akulimbirana chimpombwa pabwalo lafumbi, miyala iwiri itaikidwa uku ndi uko m'malo mwa mitengo ya golo. Ndipo akatchera khutu adzamva kuti amene wamwetsa chigoli akudzitcha dzina la munthu wa m'chigawo chawo chomwechi, Fashion Sakala. Popeza ana athu amtenga munthuyu ngati nyenyezi yowatsogolera, nkoyenera kuti ife akulu tidziwe njira imene iye anayenda, kuti tikamawalangiza tisamangowauza za kumene anafika, koma tiwauzenso za mitunda imene anakwera.

Sakala anabadwira ku Chipata pa 14 March 1997, nakulira kumudzi m'banja losauka, kumene, monga iye mwini amasimbira, ankapita kutchire kukasaka nyama kuti pakhomo papezeke ndiwo. M'mera mpoyamba, anatero makolo. Ndipo liwiro limene pambuyo pake linasautsa otchinga kumbuyo a ku Ulaya linayambira m'thengo la kwathu kuno. Ali mnyamata wosakhwima anapita ku Chingola, ku Migodi, kukasewerera timu ya Nchanga Rangers, ndipo mu 2016 anasamukira ku Zanaco ya ku Lusaka, imene chaka chomwecho inatenga ukatswiri wa ligi yaikulu ya dziko la Zambia.

Chaka cha 2017 ndicho chinamtsegulira khomo. M'mwezi wa March timu ya Zambia ya anyamata osapitirira zaka 20, mmene munali Sakala, yophunzitsidwa ndi Beston Chambeshi, inatenga chikho cha Africa itagonjetsa Senegal ndi zigoli 2 kwa 0 mumzinda wa Lusaka. Ndipo pa chikho cha dziko lonse cha anyamata a msinkhu womwewo ku South Korea, Sakala anamwetsa zigoli 4, chotsiriza chake pamasewero a ndime ya matimu 8 olimbana ndi Italy. Iwo amene anaonera tsiku limenelo sadzaiwala kuti chigoli chake chinaika Zambia patsogolo kutatsala mphindi zowerengeka, kuti Federico Dimarco wa Italy anabweza mitima ya anthu ili kale m'mwamba, ndi kuti mnzake Luca Vido anatseka nkhani m'nthawi yowonjezera, Italy nipambana 3 kwa 2.

Koma pano mpamene pali phunziro limene ambiri amalilumpha. Pamene anzake Patson Daka ndi Enock Mwepu analunjika ku Austria, Sakala anapita ku Russia, ku Spartak Moscow. Ndipo kumeneko sanasewere m'timu yaikulu yotchuka ija, koma m'timu yake yachiwiri, m'ligi yotsika, m'dziko la chisanu choopsa ndi chinenero chachilendo, kutali ndi nsima, ndi abale, ndi aliyense womutchula dzina mwachikondi. Womwetsa zigoli ndi munthu amene amaweruzidwa ndi chiwerengero chokha, pakuti wapakati akhoza kutamandidwa chifukwa cha khama, koma wakutsogolo akakhala masabata osagwedeza ukonde amasanduka ngati mtengo wosabala zipatso umene mwini munda amaunolera nkhwangwa. Mnyamata wina akanalongedza katundu nabwerera kwawo. Iye anapirira, podziwa kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Mu 2018 anasamukira ku KV Oostende, timu yaing'ono ya m'mphepete mwa nyanja ku Belgium, ndipo atakhala kumeneko zaka zitatu, m'nyengo ya 2020/21 anamwetsa zigoli 16 m'ligi, mbiri yake niwoloka nyanja. Motero mu 2021 mphunzitsi Steven Gerrard anamtengera ku Rangers ya mumzinda wa Glasgow ku Scotland, timu yokhazikitsidwa mu 1872, imene bwalo lake la Ibrox limalowa anthu pafupifupi 50,000. Ndipo ndi chinthu chokondweretsa mtima kuti iye amene anayambira ku Rangers ya ku Chingola anadzavala malaya a Rangers ya ku Glasgow. Pa 31 October 2021 anamwetsa zigoli zitatu yekha pamene timu yake inathyola Motherwell 6 kwa 1. M'mwezi wa May 2022 analowa m'bwalo ku Seville pamasewero otsiriza a chikho cha Europa League, amene Eintracht Frankfurt inapambana pamapenate, ndipo patangopita masiku atatu Rangers inapukuta misozi potenga chikho cha Scotland itagonjetsa Hearts 2 kwa 0. Anagwedezanso ukonde wa Celtic, adani akale a Rangers, chinthu chimene ochemerera a kumeneko sachiiwala msanga.

Ngakhale zinali tero, moyo wake ku Glasgow sunali wa uchi wokhawokha, popeza m'zaka ziwiri anatumikira aphunzitsi atatu, Gerrard, Giovanni van Bronckhorst ndi Michael Beale, ndipo kawirikawiri ankaikidwa kuphiko kapena kudikira pabenchi m'malo mokhala pakati kutsogolo. Mu August 2023 anagulitsidwa ku Al-Fayha ya ku Saudi Arabia, ndipo m'nyengo yake yoyamba anamwetsa zigoli 19 m'ligi imene Cristiano Ronaldo anatsogolera ndi zigoli 35, kuonetsa poyera kuti mpeni umene ena anauyesa wobuntha unali ukadali wakuthwa.

Tsono ife a ku Chadiza titengepo chiyani? Sakala sanadumphe kuchoka kumudzi nkukagwera ku Ibrox. Anakwera makwerero asanu, Chingola, Lusaka, Moscow, Oostende, kenaka Glasgow, ndipo pa khwerero lililonse panali munthu amene anamuona namkhulupirira. Mwana wa kuno, amene mzinda wa Chipata womwe umamtalikira, sangaonedwe ndi munthu ngati palibe mpikisano wa masukulu, bwalo losalazidwa, mpira weniweni, ndi mphunzitsi wolemba kalata yomuchitira umboni. Zimenezi sizifuna chuma cha Aluya. Zifuna mafumu opereka malo, aphunzitsi opereka madzulo awo, ndi makolo olola mwana kusewera osamtayitsa sukulu, pakuti mwendo umathyoka tsiku limodzi koma maphunziro amakalamba ndi mwini wake. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo mnyamata uja akuthamangitsa chimpombwa madzulo ano kuseri kwa nkhokwe akuyembekezera ife kuti timuikire khwerero loyamba.