Tcheni cha m'kati mwa injini: chomwe eni njinga zamoto zakale ayenera kudziwa

Anthu ambiri amene ali ndi njinga zamoto amadziwa tcheni chimodzi chokha, chija chimazunguza tayala lakumbuyo. Koma m'njinga zambiri muli tcheni china chaching'ono chobisika m'kati mwa injini, chomwe amakaniko amachitcha timing chain, ndipo chikatha kapena kuikidwa molakwika chimatha kuononga injini yonse.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri anyamata a kabaza, alangizi a zaulimi, ogwira ntchito zaumoyo m'midzi komanso ena onse amene amadalira njinga zakale pa ntchito zawo, kamba koti mtengo wa tcheni chatsopano ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi ndalama zokonzetsera injini yomwe mavalavu ake apindika.

Kuti injini igwire ntchito, pisitoni imayenda maulendo anayi. Imatsika kukoka petulo wosakanikirana ndi mpweya, imakwera kumupanikiza, imatsikanso pulagi ikamuyatsa, kenako imakwera kutulutsa utsi. Pa maulendo amenewa, valavu yolowetsa mafuta ndi valavu yotulutsa utsi zimayenera kutseguka ndi kutsekeka pa nthawi yake yeniyeni.

Chitsulo chomwe chimatsegula mavalavuwa chimatchedwa camshaft ndipo chimakhala m'mutu mwa injini, pomwe chitsulo chozunguzidwa ndi pisitoni, crankshaft, chimakhala m'munsi. Tcheni chaching'ono chija ndicho chimalumikiza ziwirizi kuti ziziyendera limodzi. Crankshaft ikazungulira kawiri, camshaft imazungulira kamodzi, n'chifukwa chake giya ya mano yam'mwamba imakhala ndi mano owirikiza kawiri a giya yam'munsi.

Mwachitsanzo, pa injini za Honda za 50cc ndi 70cc zokhala ndi silinda yogona, giya yam'munsi ili ndi mano 14 ndipo yam'mwamba ili ndi mano 28. Izi zikutanthauza kuti tcheni chikalumpha dzino limodzi lokha, mavalavu amachedwa kapena kufulumira ndi madigiri pafupifupi 26 pa kuzungulira kwa crankshaft. Zikatero njinga imavuta kulira, imatha mphamvu pachitunda ndipo imamwa petulo wambiri. Chikalumpha mano angapo, pisitoni imatha kuomba valavu yomwe idakali yotsegula n'kuipinda.

Komabe si njinga zonse zomwe zili ndi tcheni chimenechi. Njinga za mtundu wa Yamaha DT125 ndi AG100, zija zimapsereza oyilo limodzi ndi petulo, zilibe mavalavu otere ngakhale camshaft. Nayo Honda CG125, yomwe inayamba kupangidwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, imagwiritsa ntchito timitengo tachitsulo tokankha mavalavu m'malo mwa tcheni. Kampaniyi inaipanga chotero itaona kuti m'maiko ongotukuka kumene anthu ambiri sankasintha oyilo pa nthawi yake. Njinga zambiri zochokera ku China zinatengera injini ya CG125 imeneyi, choncho mwini njinga ayambe wadziwa mtundu wa injini yake asanagule chipangizo chilichonse.

Njinga zomwe zili ndi tcheni ndi monga Honda C70, C90, CD70, CT110 ndi XL125, Yamaha AG200, komanso njinga zing'onozing'ono zambiri zomwe zinatengera injini ya Super Cub.

Amakaniko amati tcheni chatamuka, koma kwenikweni chitsulo sichitamuka ngati mphira. Chomwe chimachitika n'choti timapini tolumikiza mfundo za tcheni timaperepeseka pang'onopang'ono, ndipo kampata ka pamfundo iliyonse kakaphatikizana ndi ka mfundo zinazo, tcheni chonse chimatalika. Chomwe chimafulumizitsa kuperepesekaku ndi oyilo wakuda kapena wochepa, makamaka m'misewu yafumbi m'nyengo yachilimwe. Injini zazing'onozi zimalowa oyilo wochepa, kotero sachedwa kuda.

Chizindikiro choyamba ndi phokoso la kuwayawaya kwa zitsulo kuchokera mbali yomwe tcheni chimadutsa, makamaka injini ikamalira pang'onopang'ono. Phokosoli limasiyana ndi la mavalavu omasuka, lomwe limamveka ngati kugogoda kopyapyala pamwamba penipeni pa injini. Munthu akatsegula chivindikiro cha giya yam'mwamba n'kupeza kuti tcheni chikunyamuka pa mano akachikoka ndi chala, ndiye kuti chatha.

Asanathamangire kugula tcheni chatsopano, makaniko ayenera kuona kaye chipangizo chokungira tcheni chotchedwa tensioner. Pa njinga zina chimakunga chokha ndi sipuling'i, pomwe pa zina chimafuna kumasula bawuti kuti chikankhe tcheni. Nthawi zina phokoso limatha pongokonza chipangizochi, koma ngati chafika kumapeto ndipo tcheni chikadali cholendewera, palibenso kuchitira mwina koma kusintha.

Pa injini za silinda yogona, ntchitoyi imayamba injini itazizira. Makaniko amakhutula oyilo, kuchotsa pulagi, kutsegula chivindikiro chakumanzere chomwe chimaphimba magineto, komanso tizivindikiro ta mavalavu ndi chivindikiro chozungulira cha giya yam'mwamba.

Kenako amazunguza magineto ndi dzanja mobwerera kumanzere mpaka chilembo cha T chomwe chili pamaginetopo chitayang'anizana ndi kamzere kapachitsulo cha injini. Apa ndiye kuti pisitoni yafika pamwamba penipeni. Pafupi ndi T pamakhala chilembo china cha F, chomwe ndi cha nthawi yoyaka pulagi, ndipo kusokoneza ziwirizi ndi cholakwa chofala pakati pa ophunzira ntchito.

Popeza pisitoni imafika pamwamba kawiri camshaft isanamalize ulendo umodzi, makaniko ayenera kugwedeza timikono tokankha mavalavu. Tonse tiwiri tikakhala tomasuka, ndiye kuti mavalavu onse ndi otseka ndipo malo ake ndi omwewo. Pamenepa chizindikiro cha O chomwe chili pagiya yam'mwamba chimayenera kuyang'anizana ndi kamphako ka pamutu pa injini.

Zikatsimikizika, amamasula tensioner, kuchotsa mabawuti a giya yam'mwamba, kuzula magineto, kuchotsa mbale ya makoyilo yomwe ili kuseri kwake ndi kagudumu kamphira kotsogolera tcheni m'mbali mwa silinda, ndipo tcheni chakale chimasololoka. Magineto amazulidwa ndi chipangizo chake chozulira. Kumenya ndi hamala kumafooketsa maginito ndiponso kumatha kupinda nsonga ya crankshaft.

Ndi kutaya ndalama kuika tcheni chatsopano pa zipangizo zakutha. Timagudumu tamphira tomwe tcheni chimadutsapo, sipuling'i ya tensioner ndi giya yomwe mano ake asongoka ziyenera kusinthidwa nthawi imodzi. Pa injini za mtundu wa Super Cub nkhaniyi ndi yaikulu kwambiri chifukwa kagudumu kena komwe tcheni chimazunguza ndi komwenso kamayendetsa pampu ya oyilo. Kakatha, oyilo safika mokwanira kumutu kwa injini.

Pogula tcheni, ndi bwino kutenga chakale kusitolo n'kuwerenga mfundo zake, popeza injini zooneka zofanana kunja zimatha kusiyana kutalika kwa silinda. Tcheni cha mfundo zambiri sichikungika ngakhale tensioner itakhala yatsopano.

Pobwezeretsa, T akhale pakamzere kake ndipo O ayang'anizane ndi kamphako kake tcheni chitakungika. Ngati zizindikirozi zasemphana, makaniko asunthe tcheni dzino limodzi pagiya, osati kuzunguza magineto kuti zioneke ngati zagwirizana. Posamalira mabawuti ang'onoang'ono, ena amatseka mpata wodutsa tcheni ndi kansalu koyera kuopa kuti bawuti ingagwere m'kati mwa injini.

Akamanga zonse, asathamangire kuliza injini. Azunguze magineto ndi dzanja maulendo awiri athunthu, pang'onopang'ono. Pakamveka kugunda kapena kulimba kwachilendo, aime pomwepo n'kuonanso zizindikiro, pakuti n'kutheka kuti valavu yakhudza pisitoni. Dzanja limamva ndi kuima, pomwe injini yolira imapinda valavu m'kamphindi kochepa. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chomaliza ndi kuyeza mpata wa mavalavu ndi timapepala tachitsulo toyezera. Pa Honda C70 ndi C90 mpatawu ndi mamilimita 0.05 injini ili yozizira, koma njinga zina zili ndi muyezo wake womwe umapezeka m'buku la malangizo. Akatero athire oyilo watsopano, aike magasiketi atsopano pomwe akale ang'ambika, ndipo aonetsetse kuti sipakudontha.

Mwini njinga amene akukakonzetsa kugalaja ali ndi ufulu wopempha makaniko kuti amuonetse zizindikiro za T ndi O zitayang'anizana asanatseke zivindikiro, komanso kuti amubwezere zipangizo zakale zomwe zachotsedwa. Akachoka pamenepo, udindo wotsala ndi wake: kuona mlingo wa oyilo m'mawa uliwonse, kumusintha pa nthawi yake ndi kutsuka sefa ya mpweya, kuti tcheni chatsopanocho chikhalitse.