BUKU LIMODZI SILIKWANA KWA WOFUNA ULOYA

LIVINGSTONE — Anthu ambiri amakumbukira malemu a Mainza Chona monga mtsogoleri woyamba wa cipani ca UNIP ndiponso nduna yaikulu ya dziko lino. Koma ndi owerengeka cabe amene adziwa kuti ulendo wao wa zamalamulo unayambira m'tauni ino ya Livingstone, kumene anali kugwira nchito yomasulira mau m'Khoti Lalikulu.

M'caka ca 1955 a Chona anapita ku London kukaphunzira pa Gray's Inn, ndipo mu 1958 analandiridwa monga loya. Pamene anali kutsegula mabuku a Angelezi kumeneko, makutu ao anali atamva kale mmene mboni imafunsidwira ndi mmene woweruza amagamulira mlandu.

Masiku ano mwana wa m'Zambia safunika kuoloka nyanja. Sukulu ya zamalamulo pa Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1967, ndipo tsopano pali mayunivesite enanso ambiri ophunzitsa malamulo. Komabe makolo ayenera kudziwa kuti digiri yokha siipatsa munthu mphamvu yoimira mnzace m'khoti. Atatsiriza digiri, wophunzira ayenera kulowa pa sukulu ya ZIALE mu Lusaka, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1996 m'malo mwa Law Practice Institute, ndi kupambana mayeso a pamenepo asanalembedwe m'kaundula wa maloya.

Mayeso amenewa ndi ouma kwambiri. M'caka ca 2021 dziko lonse linadabwa kumva kuti mwa ophunzira 395 amene analemba, mmodzi yekha ndiye anapambana maphunziro onse. Kumbuyo kwa aliyense wa otsalawo kunali banja, ndipo mabanja ena anali atagulitsa ng'ombe kapena matumba a cimanga kuti alipire sukulu. Ena amanena kuti vuto lili kwa okonza mayeso, enanso amaloza cala mayunivesite. Mkangano umenewo tiwasiyire eni ace. Cimene wophunzira angathe kukonza yekha ndico kawerengedwe kace, makamaka uyo amene wabwerera kwao ku Maramba, ku Dambwa kapena ku Libuyu kudikira kuti akalembenso, ali kutali ndi Lusaka makilomita oposa 450.

Msampha woyamba ndi manotsi. Pafupifupi wophunzira aliyense amalandira mtolo wa mapepala kucokera kwa amene anamtsogolera, ndipo cifukwa ndi ofupikitsidwa bwino, amawaloweza pamtima n'kuganiza kuti watha. Manotsi ndi othandiza ndithu, koma ali ngati munthu wokuuzani za mlandu umene iye anangoumva kwa wina. Mwini nkhani ndi lamulo lenilenilo monga linalembedwera ndi Nyumba ya Malamulo.

Titenge citsanzo cimene awerengi athu a kumidzi acidziwa bwino, ca cuma ca masiye. Lamulo la mu 1989 linena kuti munthu akamwalira osasiya wilo, ana amalandira magawo 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo ena amene anali kudalira malemuyo 10. Manambala awa ali m'manotsi onse, ndipo ngakhale mwana wa sukulu angawaloweze tsiku limodzi. Koma amene watsegula lamulolo adzapeza kumayambiriro kwace kuti silikhudza malo a mwambo amene ali m'manja mwa mafumu, kapena cuma ca ufumu. Tsono wokonza mayeso akafunsa za munthu amene wasiya nyumba ku Dambwa ndi munda kwa Mfumu Mukuni, woloweza manambala adzagawa zonse mofanana, nadzagwa. Coipa kopambana ndi cakuti akadzakhala loya adzasoceretsa mai wamasiye.

Vuto lina la mapepala olandira kwa anzathu ndi kukalamba. Malamulo sakhala malo amodzi. Mu 2016 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa, ndipo panabadwa makhoti awiri atsopano, la apilo ndi loona za malamulo aakuluwo. Mu December 2022 cilango ca imfa cinacotsedwa m'buku la Penal Code. Patapita caka cimodzi, mu December 2023, lamulo la maukwati linakonzedwa kotero kuti ukwati wa mwana wosafika zaka 18 ulibe mphamvu, ngakhale utamangidwa mwa mwambo. Buku losindikizidwa zaka izi zisanafike lingakhale labwino m'mitu ina yonse, koma pa mfundo zimenezi lidzanamiza mwini wace.

Pamenepa ndi pamene lamya ya m'manja imathandiza wokhala kutali. Malamulo atsopano amapezeka pa tsamba la intaneti la Nyumba ya Malamulo, ndipo ziweruzo za makhoti akuluakulu zimawerengedwa kwaulere pa ZambiaLII. Ciweruzo ndico cimaonetsa mmene oweruza amamvera mau a lamulo, pakuti mau amodzimodzi anthu awiri angawamve mosiyana. Dongosolo labwino ndi lakuti munthu ayambe ndi ndime ya lamulo, atsate ndi ciweruzo cimodzi kapena ziwiri zoimasulira, ndipo pambuyo pace atsegule manotsi kuti aone ngati agwirizana nazo. Pomwe asiyana, manotsi ndiwo akonzedwe.

Koma si zonse zili pa lamya. Pa milandu ya cuma ndi mapangano, pomwe malamulo a Khoti Lalikulu lathu sanenapo kanthu, makhoti amatsata buku la ku England lochedwa White Book, losindikizidwa mu 1999. Ndi cibuku cacikulu ndiponso covuta kucipeza, ndipo wophunzira wamba sangakhale nalo lace. Mutu umodzi susenza denga. Anthu anai kapena asanu akagwirizana, wina wodziwana ndi ofesi ya maloya angapemphe kuwerenga bukulo, wina abwere ndi mapepala a mayeso a zaka zapita, winanso amene anaphunzirako zowerengera ndalama aphunzitse anzace. Phunziro limeneli la kasungidwe ka mabuku a ndalama lilipo pa mayeso, cifukwa loya amasunga ndalama za anthu, ndipo limadzidzimutsa ambiri amene anasankha malamulo pothawa masamu.

Gulu lotere likhale laling'ono. Likakula limasanduka bwalo la nkhani za mpira ndi ndale. Ndiponso mapepala a mayeso akale sapindula kanthu akangowerengedwa ndi maso: munthu akhale pansi ndi koloko, alembe yankho lonse ndi dzanja, ndipo mnzace aliconge mopanda cifundo, lamulo lili pambali.

Cotsala ndi cija anayamba naco a Chona, ndipo anthu a mu Livingstone ali naco pakhomo. Tauni ino, imene inali likulu la Northern Rhodesia kucokera mu 1911 kufikira mu 1935, ili ndi Khoti Lalikulu ndi khoti la majisitireti. Kupatula milandu ina monga ya ana, zitseko za makhoti n'zotsegukira aliyense ndipo palibe colipira. Wophunzira amene wawerenga usiku za belo kapena za kapatsidwe ka umboni, akakhala pa benchi la kumbuyo m'mawa mwace ndi kope m'manja, adzaona loya akuimirira kutsutsa funso, ndipo adzamva woweruza akufotokoza cifukwa cace walilola kapena walikana. Madzulo abwerere ku ndime imene woweruza anachula, aiwerengenso, ndi kulemba m'mphepete mwa manotsi ace tsiku ndi khoti limene anaimvera.